Nsomba za Masika: Kuchokera M'madzi Osaya Kudzafika M'mbale Zathu mu Lusaka

Aliyense amene anafikako pa msika wa Soweto m'mamawa wa mwezi wa Malichi akulidziwa fungo lake. Mvula imakhala ikutsazika, matope a m'tinjira ta pakati pa mabenchi ayamba kuuma, ndipo mbali ya msika imene inali yozizira kwa miyezi itatu imadzazanso ndi mitolo ya nsomba zowamba, matumba a kapenta ndi mabeseni a nsomba zaziwisi zokwiriridwa m'madzi oundana. Amayi a ku Kabwata, a ku Chelstone ndi a m'madera ena a mzinda amatsika m'maminibasi kusanache kwenikweni, kudzaoda nsomba zokagulitsa m'misika ya kwawo. Apa wina akufunsa kuti, "Amayi, meda ya kapenta mukuchita zingati lero?" Apo wina akuchonderera wogulitsa kuti aikepo mbasela. Dzuwa likamafika pamutu nsomba zija zimakhala zitamwazikana mu Lusaka monse, ndipo madzulo ake zili m'mbale pambali pa nsima.

Chimene chimadzetsa piringupiringu ameneyu ndi tsiku la 1 Malichi, pamene nyengo yoletsa kupha nsomba m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri za dziko lino imatha. Masika, amene mlimi amawadziwira ku dowe ndi maungu, msodzi amawadziwira ku kubwerera kwa maukonde m'madzi. Komatu ndi owerengeka mwa ife okhala m'tauni amene timadzifunsa kuti nsombazi zaphedwa kuti, zaphedwa motani, ndipo kumeneko kwatsala zochuluka bwanji. Tiyeni tsono, owerenga okondedwa, tizitsatire kumene zimachokera, ku madzi osaya ndi ofunda a m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja, kuyambira pa Kafue wathuyu mpaka kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere.

Mzinda wopanda nyanja

Dziko la Zambia lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo Lusaka anamangidwa pamtunda wopanda nyanja kapena mtsinje waukulu. Pafupifupi nsomba iliyonse imene timadya muno inayenda ulendo. Zapafupi zimachokera ku mtsinje wa Kafue, makilomita ngati 45 kumwera kwa mzinda, m'madooko onga Chanyanya. Kapenta wamng'ono uja amachokera ku nyanja ya Kariba, ku Sinazongwe ndi ku Siavonga, tauni imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera mu Lusaka. Kapenta wamkulu pamodzi ndi buka buka amachokera ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, ulendo wa makilomita oposa 1,000. Chisense ndi nsomba zowamba zambiri zimabwera kuchokera ku Luapula, ku Mweru ndi ku Bangweulu, ndipo zina kuchokera ku Mongu.

Nazonso nsomba za m'madzi amchere zafika pa matebulo athu. Makatoni oundana a horse mackerel amene timawaona m'mabutchala ndi m'masitolo amachokera kwenikweni ku Namibia. Kumeneko zombo zikuluzikulu zimapha nsombazi m'madzi ozizira a nyanja ya Atlantic ndi kuzitsitsa pa dooko la Walvis Bay, kenaka malole amazinyamula kudzera pa mlatho wa pakati pa Katima Mulilo ndi Sesheke, umene unatsegulidwa m'chaka cha 2004, mpaka ku Livingstone ndi ku Lusaka.

Chifukwa chimene tikugulira nsomba kunja n'chosavuta kumva. Kalembera wa m'chaka cha 1969 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa m'chaka cha 2022 anapeza oposa 19 miliyoni. Pakamwa pachuluka, koma mitsinje ndi nyanja ndi zomwe zija.

Chikuta cha nsomba

Munthu wosadziwa angaganize kuti nsomba zimabadwira ndi kukulira pakati pa nyanja, pamene pali pakuya. Msodzi aliyense angakuuzeni kuti sizili choncho. Mitundu yambiri ya nsomba zimene timadya imaswana m'mphepete, m'madzi olekeza m'mawondo kapena m'chiuno, amene amafunda msanga ndi dzuwa, mmene muli udzu ndi bango zobisalamo. Malo otere ali ngati chikuta: m'menemo ndimo mwana wa nsomba amakhala kufikira atalimba.

Titenge chitsanzo cha nsomba za mtundu wa chambo, zimene ambiri mu Lusaka amangoti bream. Kukatentha, mvula n'kuyamba, yamphongo imakumba kachisa kooneka ngati mbale pa mchenga wa m'madzi osaya. Pa mitundu ingapo ya nsombazi, yaikazi imaikira mazira m'kachisamo, kenaka imawatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake kwa masabata awiri kapena atatu, osadya kanthu kwenikweni, mpaka ataswa. Ngakhale tiana titayamba kusambira, tikaona choopsa timathawira m'kamwa mwa make. Motero munthu amene wapha yaikazi imodzi mu Januwale wapha nsomba mazanamazana pa nthawi imodzi, ndipo amene akukoka khoka pansi pa madzi osaya akusalaza zisa monga mmene khasu limasalazira mizere. Nayo milamba imadikira madzi oyamba osefukira kuti ikwere m'maudzu kukaikira mazira.

Pa mtsinje wa Kafue ntchito imeneyi imachitikira m'dambo lalikulu la Kafue Flats, lotambalala pafupifupi masikweya kilomita 6,500 pakati pa Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge. M'dzinja madzi amasefukira m'dambomo ndipo nsomba zimawatsatira, kukaswana ndi kudya m'maudzu omira. Masika akafika madzi amakhala atadzaza, kenaka amayamba kuphwa pang'onopang'ono, ndipo nsomba zonenepa zimabwerera m'mathamanda ndi mumtsinje. Iyi ndiyo nthawi imene makolo a Chiila, a Chitonga ndi a Chitwa ankatchera miono yawo. Madamu awiri a magetsi amene anamangidwa m'zaka za m'ma 1970, wina kumtunda ndi wina kumunsi kwa dambolo, anasintha nthawi ndi kukula kwa kusefukira kwa madzi, kotero kuti masiku ano nsomba zimadaliranso mmene anthu atsegulira zitseko za damu.

Pofuna kuteteza chikuta chimenechi Boma limatseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, m'madera onga Kafue, Lukanga, Bangweulu, Mweru ndi Luapula ndiponso kumtunda kwa Zambezi. Lamulo loyendetsa za nsomba ndi lija Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 2011, kulowa m'malo mwa la 1974, ndipo oliyang'anira ndi a Dipatimenti ya za Nsomba, amene likulu lawo lili ku Chilanga, pa msewu wa ku Kafue. M'miyezi itatuyi n'koletsedwa kupha, kunyamula ndi kugulitsa nsomba zochokera m'madera otsekedwa. Wonyamula nsomba zoweta kapena zochokera kumene sikunatsekedwe amafunika kukhala ndi chiphaso chosonyeza kumene wazitenga.

Nyali za usiku pa Kariba

Amene anagonako ku Siavonga usiku wopanda mwezi anaona timiyuni tambirimbiri titandandalika pa madzi, ngati kuti pali mudzi pakati pa nyanja. Amenewo ndiwo asodzi a kapenta.

Kapenta ndi mlendo mu Zambezi. Khoma la Kariba linamangidwa kuyambira m'chaka cha 1955 mpaka 1959, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa, a mbali zonse ziwiri za mtsinje, anasamutsidwa pa minda ndi manda a makolo awo kuti madzi adzaze. Nyanja itadzaza, akatswiri anaona kuti nsomba za mumtsinje zinali kungokhala m'mphepete, pakati ponse pali pululu. Tsono m'zaka za 1967 ndi 1968 anatenga tiana ta kapenta ku nyanja ya Tanganyika nakatithira mu Kariba cha ku Sinazongwe. Tinaswana modabwitsa. Usodzi wa malonda unayamba m'zaka za m'ma 1970 ku tsidya la Zimbabwe, ndipo kuno kwathu unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kapenta wina anapulumuka podutsa pa khoma natsika ndi mtsinje mpaka ku nyanja ya Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, kumene leronso akudyetsa anthu.

Chombo chophera kapenta amachitcha rigi. Ndi thandala lachitsulo loyandama pa migolo iwiri yaitali, lokhala ndi injini, nyali zamagetsi ndi ukonde wozungulira wonga chisakasa chozondoka, wolendewera pa mtengo wachitsulo. Kukada, asodzi amatsitsa ukondewo pansi pa madzi nayatsa nyali, zina pamwamba ndi imodzi m'madzi momwemo. Kapenta amasonkhana pa kuwalako. Pakapita nthawi amazimitsa nyali za pamwamba kuti nsomba zonse ziunjikane pa ya m'madzi ija, ndipo amapukusa ukonde kuukweza. Amatero kangapo usiku wonse, pa mphepo ndi pa mafunde. Mmawa nsomba zothiridwa mchere zimayanikidwa pa mathandala, ndipo makilogalamu ngati atatu a kapenta wamuwisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya wouma. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba, ndipo masiku amenewo marigi amayenera kupumula pa dooko.

Ngakhale kuti kapenta amaphedwa pakuya, nayenso chikuta chake chili m'mphepete. Tiana take timakulira m'madzi osaya, m'malo mmene nyanja imalowerera kumtunda ndi m'mathiriro a mitsinje, mmene mvula imabweretsamo chonde chomeretsa tizilombo ting'onoting'ono timene iye amadya. Akamakula amasunthira pakuya. N'chifukwa chake malamulo a pa Kariba amaletsa rigi kutchera pa madzi osafika mamita 20 kuya kwake kapena pa mathiriro a mitsinje, ndiponso amaika malire pa kuchepa kwa maso a ukonde.

M'chaka cha 1999 maboma a Zambia ndi Zimbabwe anapangana kuti pa nyanja yonse pakhale marigi 500, Zimbabwe 275 ndi Zambia 225. Pofika m'zaka za m'ma 2010 kalembera anaonetsa kuti marigi a mbali yathu anali atapitirira chiwerengerocho kangapo konse. Zotsatira zake n'zodziwikiratu. Kapenta wophedwa pa nyanja yonse anafika pachimake cha m'ma 1990, kenaka anayamba kutsika, ndipo chimene rigi imodzi imabwera nacho mmawa chinachepa kwambiri. Asodzi amene malipiro awo amadalira kulemera kwa nsomba amakopeka kuzembera kumadzi osaya usiku, kumene kuli tiana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pamwamba pa zonsezi panadza chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho. Ife mu Lusaka tinachimva ndi kuzima kwa magetsi, pamene ku Kariba madzi anathawa m'magombe ambiri nasiya matope ouma pamene tiana ta nsomba tinkabisala.

Ku Mpulungu nako nkhani ndi yomweyo. Maiko anayi ozungulira nyanja ya Tanganyika, amene ndi Zambia, Tanzania, Burundi ndi Congo, anagwirizana zopumitsa nyanjayo kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 15 Ogasiti, ndipo mbali ya Zambia inayamba kutseka m'chaka cha 2023.

Kumene Zambezi amakumana ndi mchere

Gawo lalikulu la madzi amene amatuluka pa mipopi ya ku Kabwata ndi ku Woodlands limapopedwa mu Kafue. Otsala amapitirira ulendo. Amatsika pa Kafue Gorge, amalowa mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, amadutsa pa Luangwa, pa Cahora Bassa ndi pa mzinda wa Tete, mpaka akathira m'nyanja ya Indian cha ku Chinde m'dziko la Mozambique. Tikawatsatira mpaka kumeneko tipeza kuti asodzi a m'madzi amchere ali pa vuto lofanana ndi lathu.

Gombe la pakati pa Mozambique, kuyambira kumwera kwa Beira kudutsa pa mathiriro a Zambezi mpaka kupitirira Quelimane, lili ndi madzi ofunda ndi osaya amene amatchedwa Sofala Bank. Kumeneko nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pa Beira kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 5. M'matope mmene madzi a mtsinje amasakanikirana ndi amchere mumamera nkhalango za mitengo yotchedwa mangrove, imene mizu yake imaima poyera ngati miyendo. Pakati pa mizu imeneyi ndi pamene pamakulira tiana ta nsomba za m'nyanja ndiponso ta prawns, tinkhanu tija timene Apwitikizi amati camarão, timene tina mwa ito timafika m'mafiriji a masitolo ndi m'malo odyera a ku Kabulonga. Prawns amaikira mazira kunyanja, tiana take timatengedwa ndi madzi kulowa m'nkhalangozi, ndipo tikakula timabwerera kunyanja, makamaka pamene madzi a mvula akutsika ndi mitsinje.

Motero nakonso masika ndiyo nyengo ya chiyembekezo. Boma la Mozambique limatseka usodzi wa prawns m'miyezi ya mvula, ndipo umatsegulidwanso mvula ikamatha. Nyengo ya anamondwe, imene imayamba mu Novembala, imatha cha mu Epulo, ndipo asodzi a mabwato ndi a ngalawa zamatanga amatuluka ndi mtima wokhazikika. Amatsata madzi: amapalasa pamene nyanja ikuphwa nabwerera pamene ikudzaza. Ena amakoka makoka pa mchenga, ena amatchera maukonde pa khomo la timitsinje, ena amawedza ndi mbedza. Zimene apha amaziwamba kapena kuzithira mchere ndi kuziyanika, monga momwe amachitira anzawo a ku Chanyanya. Koma chiyembekezocho sichikhala chotsimikizika. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe Idai anagwera mzinda wa Beira, napha anthu mazanamazana, naphwanya mabwato ndi maukonde a asodzi osawerengeka pa nthawi imene anali kukonzekera kubwerera pa madzi.

Prawns a pa Sofala Bank achepa kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo. Zifukwa zake n'zingapo: zombo zikuluzikulu zokoka maukonde pansi pa nyanja, kudula mitengo ya mangrove pofuna makala ndi milimo, ndi misampha ya maso aang'onong'ono yotchedwa chicocota, imene imatcheredwa m'timitsinje ngakhale kuti ndi yoletsedwa. Chifukwa china chimachokera kumtunda kuno. Madamu a Kariba ndi Cahora Bassa, limene linatsekedwa m'chaka cha 1974, amasunga madzi a dzinja kuti apange magetsi chaka chonse, kotero kuti madzi osefukira amene ankatsitsa chonde ku mathiriro a mtsinje safikanso monga kale. Getsi limene timayatsa mu Lusaka lili ndi mbali yake pa ukonde wa msodzi wa ku Chinde, ngakhale kuti iye ndi ife sitidzaonana.

Ukonde wa udzudzu ndi umphawi wa msodzi

Pali chida chimodzi chimene chapezeka ponseponse, ku Bangweulu, ku Kafue, ku Tanganyika ndi ku gombe la Mozambique: ukonde wa udzudzu. Maukonde amenewa amagawidwa ulere m'zipatala kuti amayi oyembekezera ndi ana asadwale malungo. Ena amawalumikiza ndi kuwasoka kukhala khoka lalitali, limene ku Kafue amati chikukula ndipo ku Barotse amati sefa-sefa. Maso ake salola kanthu kudutsa, ngakhale mazira amene. Ambiri mwa maukondewa ananyikidwanso m'mankhwala ophera udzudzu, amene ndi poizoni kwa nsomba. Banja limatayapo kawiri: mwana amagona posatetezeka, ndipo ndiwo za chaka chamawa zimathera pa thandala la lero. Poyerekeza, lamulo la pa Kariba kwa zaka zambiri linaika kuti ukonde wotchera ukhale wa maso osachepera mainchesi 3 ku mbali ya Zambia ndi mainchesi 4 ku mbali ya Zimbabwe, kuti nsomba yosakhwima izitha kupyola.

Tisafulumire kuweruza, pakuti msodzi wa chikukula kawirikawiri ndi munthu wosauka zedi. Ambiri mwa iwo ndi alimi amene mbewu zawo zinapserera ndi dzuwa, kapena achinyamata osowa ntchito amene anathawira kumadzi poona kuti mtsinje sufunsa satifiketi. Ukonde wovomerezeka ndi wodula, pamene wa udzudzu uli kale m'nyumba. Ena bwato ndi ukonde si zawo, ndipo anatenga ngongole ya ufa ndi mchere kwa wamalonda amene akudikira nsomba pa dooko. Miyezi itatu yotseka imagwa m'nyengo ya njala, nkhokwe zitatha, ndipo mkati mwake muli Januwale, pamene ana amafuna mayunifolomu ndi mabuku. Kumuuza munthu wotere kuti adikire mpaka Malichi n'kosavuta kwa amene wakhuta.

Koma tiyeneranso kunena zoona: palibe amene angavutike kukoka khoka usiku, pakati pa ng'ona ndi mvuu, pozemba alonda a Boma, ngati kulibe wogula. Nsomba zozembetsedwa m'nyengo yotseka zimabisidwa pansi pa matumba a makala ndi a chimanga chifukwa kutsogolo kuli msika, ndipo msika waukulu koposa m'dziko muno ndi Lusaka. Chingwe chimodzi cha khoka chili m'manja mwa msodzi, china chili m'manja mwa ife ogula.

Wogula angachitenji?

Kwa ife Akatolika nkhaniyi imatikhudza mwapadera chifukwa cha Lenti. Lachitatu la Phulusa limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi, ndiye kuti zaka zambiri masiku oyamba osala nyama amafika usodzi usanatsegulidwe. Mabanja ambiri anazolowera kuti Lachisanu la mu Lenti ndi tsiku la nsomba. Tikumbukire kuti chimene Eklezia amatipempha ndi kusala nyama. Salamula munthu kudya nsomba. Nyemba, chibwabwa chotendera, kalembula kapena bowa zimakwanira bwino lomwe. Kungakhale kusala kwachilendo ngati tikusiya nyama n'kumadya nsomba yoba, yophedwa ili ndi mazira m'kamwa.

Choyamba tsono ndi kudziwa nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nsomba yaiwisi ya mumtsinje yogulitsidwa mobisa, yotuluka pansi pa benchi kapena m'thumba la munthu woyenda khomo ndi khomo, tiikane ngakhale itatsika mtengo. M'miyezi imeneyi zilipo nsomba zoweta. Kuyambira cha m'ma 2011 makampani onga Yalelo akhala akuweta bream m'zitete zoyandama pa Kariba ku Siavonga, ndipo alimi ambiri a m'mbali mwa Lusaka, ku Chongwe ndi ku Kafue ali ndi maiwe a nsomba. Kugula kwa iwo kumapatsa mtsinje mpata wopuma.

Chachiwiri ndi kudziwa nsomba. Kuchepa kwa nsomba pakokha si umboni wakuti ndi mwana. Kapenta ndi chisense ndi mitundu yaing'ono mwachibadwa. Kapenta wa pa Kariba amakhwima m'miyezi yowerengeka asanafike n'kutalika kwa chala, ndipo popeza timamudya yense, mutu ndi minga zomwe, amapatsa ana zolimbitsa mafupa zimene nsomba yaikulu yochotsedwa minga singawapatse. Chimene tiyenera kuyang'ana ndi china. Tapani pang'ono m'meda muyale pa chikhato. Kapenta ndi woonda, wosalala, wa mzere wonyezimira m'mbali. Mukaona timabream tating'ono, tatifupi ndi tophwatalala, tokhala ndi minga pamsana, dziwani kuti tinakokedwa ndi ukonde wa udzudzu m'chikuta. Chimodzimodzinso kapenta wochepetsetsa ngati mpunga, wongofumbutuka m'manja, anaphedwa pamalo osaya. Kamulu ka timabream kodzaza dzanja kakanakhala ndiwo za banja kwa masabata angapo kakanasiyidwa chaka chimodzi.

Chachitatu ndi kulankhula. Amayi ogulitsa nsomba m'misika ya Kabwata ndi Chelstone ndi anansi athu, ena timapemphera nawo mu mphakati umodzi, ndipo malonda amenewa ndiwo amaphunzitsa ana awo. Sitifunika kuwanyoza. Ndi mawu aulemu wogula angathe kunena kuti, "Amayi, tianati sinditenga, mukadzabweretsa zokhwima ndidzagula." Wogulitsa akamva mawu amenewa kwa anthu asanu, adzakawanena kwa amene amamuodetsa ku Soweto, ndipo iyeyo adzakawafikitsa pa dooko. Uthenga wa msika umayenda msanga kuposa galimoto ya alonda.

Chachinayi ndi kusunga ukonde wa udzudzu pa ntchito yake. Amene tili ndi abale m'midzi ya m'mbali mwa madzi, tikamawatumizira thandizo tiziganizira miyezi yotseka, pakuti thumba la ufa lofika mu Januwale lingaletse bwato kutuluka usiku. Magulu a m'maparishi amene amasonkha ndalama zobwereketsana angathandizenso amayi ogulitsa nsomba kupeza malonda ena a m'miyezi itatuyi, monga nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba zouma. Mutu umodzi susenza denga.

Mbewu sadya

Mlimi aliyense wa ku Chipata kapena ku Petauke amadziwa kuti ngakhale njala ikule bwanji, chimanga cha mbewu chopachikidwa pa utsi sachigaya. Amene wadya mbewu amakhuta tsiku limodzi nadzalira chaka chonse. Tiana ta nsomba ta m'madzi osaya ndiyo mbewu ya msodzi, ndiponso ndi mbewu ya mayi wa pa msika ndi ya mwana wa sukulu amene amadya nsima ya kapenta asanapite ku kalasi ya masana.

Chotonthoza mtima n'chakuti nsomba zimabwerera msanga zikapatsidwa mpata. Mtengo wa mukwa umafuna zaka makumi ambiri kuti ukule, koma kapenta amaswana m'chaka chimene wabadwa, ndipo bream amakhwima m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Miyezi itatu yosungidwa mokhulupirika, ukonde wa maso oyenera ndi rigi yokhala kutali ndi gombe zingathe kusintha zimene zimafika pa Soweto m'zaka zowerengeka chabe.

Masika ano, mukaima pa benchi la nsomba ndalama ili m'manja, tapani kaye muone chimene chili m'meda, ndipo mufunse kumene chachokera.